Fokasa ya Apongozi Anga

Ndine kalipentala pa loji ina ku Chintheche. Ntchito yanga ndi zitseko zotupa ndi chinyezi, mabedi olira, ndi mipando imene alendo amathyola poikhalira chopendekera. Za mwezi ndi nyenyezi sindinkazidziwa ndipo sindinkazifuna. Koma ndinachoka kwathu ku Ntchisi n'kudzakwatira mwana wa Ada Longwe, ndiye zinandipeza zokha.

Ada Longwe anali mphunzitsi wa sayansi. Anapuma kalekale ndipo amakhala cha ku Bandawe, pakati pa minda ya chinangwa. Ali ndi telesikopu imene anapanga okha akadali ndi mphamvu. Ndi chipaipi chachikulu cha pulasitiki chondifika pachifuwa. Pansi pake mkatimo muli galasi lolowa ngati mbale, ndipo chakukamwa kuli kagalasi kena kopendekeka. Cham'mbali pali kampopi pomwe munthu amaika diso. Kampopi kameneka iwo amakatcha fokasa. Ukakakankhira mkati kapena kukakokera kunja, chimene ukuyang'anacho chimayera kapena kuchita chimbuuzi. Fokasa yawo inali ya timapaipi tiwiri tolowetsana, tokulunga kansalu kuti tizigwirana.

Chaka chimenecho fokasayo inawasowetsa mtendere. Ankati yakhwefuka, ndipo mwezi sukuyeranso ngakhale aikankhe motani. Anasintha kansalu, anaimanga ndi mphira, koma ayi. Pomaliza anaimbira mwana wawo Wongani, mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Joni, kuti awagulire yachitsulo, yazopotokola. Wongani anagula n'kupatsira munthu wina dzina lake Jere, mmodzi wa anthu aja amene amatuta katundu wa a ku Joni pa galimoto yokoka ngolo n'kumagawa m'midzi. Apa n'kuti Novembala atayamba. Kwathu kuno mvula ikagwa, mitambo imamanga msasa mpaka Epulo, ndipo Ada anali atanena pamaso pa ana awo onse kuti pa msinkhu wawo sawerengeranso za chaka chamawa. Ankafuna kuuona mwezi bwinobwino mvula isanatseke kumwamba.

Apongozi satuma mkamwini pamaso. Uthenga unadzera kwa mkazi wanga, NyaLongwe, ine ndikusamba m'manja kuti ndidye.

"Ada akuti galimoto ya a Jere yafera pa Dwangwa."

"Pepani," ndinatero, ngati sindinamve kumene nkhaniyo ikulowera.

"Pa Dwangwa pomwepa. Munthu kunyamuka m'mawa, masana wabwera."

"Munthu wake uti?"

Anangondisunthira mbale ya ndiwo pafupi. M'mawa mwake ndinakagwada kwa manijala wathu, mayi wa ku Zomba wosakonda nkhani zazitali, ndipo anandipatsa tsiku limodzi ngati akudzizula dzino.

Ndinafika pa siteji ya Chintheche nditavala malaya opepuka ndi nkhwaira, poti unali ulendo wa pafupi. Minibasi inali itatsala pang'ono kudzaza, ndipo ndinadziyamikira kuti ndalawirira. Nditangokhala, bambo amene anali pambali panga anatsika. Atakwera mayi wina ndi dengu la usipa, anatsikanso wina kutsogolo. Ndipamene ndinazindikira kuti theka la anthuwo anali ongokhalira mipando kuti galimoto izioneka yodzaza. Dalaivala analiza injini, tinayenda mpaka kumsika, tinatembenuka, tinabwerera pomwe paja. Anachita zimenezi mpaka mayi wogulitsa nthochi pamseu anasiya kutiitanira malonda n'kuyamba kutiseka.

Mayi wa usipa uja anandipatsa moni m'Chitonga, ndipo nditayankha anadziwiratu kuti ndine wobwera.

"Muluta nunkhu, ada?" anafunsa, kenako anatembenuzira m'Chichewa chake chokoka. "Mukupita kuti?"

"Pa Dwangwa. Ndikukatenga katundu wa ku Joni."

"Kwa a thiransipota?" Anaseka mpaka dengu linagwedezeka pamiyendo panga, poti theka lake linali pa ine. "Ine mwana wangu wananditumizira wailesi. Inafika mdzukulu atayamba kuyenda."

Sindinaseke nawo. Ndinkaona ngati akungofuna kundiwonongera tsiku.

Tinanyamuka dzuwa litakwera. Msewu wa kunyanja ndi wabwino kwa munthu amene akuuona pa chithunzi. Kwa wokhala pampando wakumbuyo, pamwamba pa tayala, ndi maenje okhaokha, ndipo dalaivala wathu ankawazemba onse kupatula aakulu. Tinkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ngakhale wongodzikanda m'mutu. Penapake kondakitala anamangirira nsomba zaziwisi kutsogolo kwa galimoto kuti zizipitidwa mphepo, ndipo mphepoyo inkathera mwa ife.

Pa Dwangwa ndinatsika ndi fungo la usipa mpaka m'matumba. Ndinayang'ana uku ndi uku. Panali mathirakitala a nzimbe, njinga za kabaza, anyamata a tchipisi, koma galimoto yokoka ngolo panalibe. Ndinaimba nambala imene NyaLongwe anandilembera.

"A Jere? Ndine mkamwini wa a Longwe a ku Bandawe. Ndafika pa Dwangwa."

"Mwafika? Inuyo mwabweradi?"

"Ndili pa siteji."

"Eishi, bra wanga. Pa Dwangwa panalibe makaniko, ndiye anandikokera ku Nkhotakota. Ndili pa galaja. Shapu?"

Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti galimoto yopita kumpoto ingakokedwe bwanji kubwerera kummwera mtunda wonsewo. Ine sindinadzifunse. Ndinaganiza za nkhope ya NyaLongwe ndikabwerera chimanjamanja, ndinaganiza za Ada atakhala pakhonde kudikira, ndipo ndinakwera minibasi ina. Imeneyi inayenda bwino mpaka pakati panjira, pomwe dalaivala anaona kuti tatsala ochepa, n'kutigulitsa kwa mnzake. Anatitsitsa padzuwa ngati matumba a chimanga, iwo n'kumakanganirana mtengo wathu ife tikumva. Galimoto imene anatipatsa inali yodzaza kale. Ndinayenda chowerama, mutu utagunda denga, tako limodzi pa thumba la mpunga.

Ku Nkhotakota ndinalemba wakabaza kuti andizungulitse m'magalaja. Tinayamba ndi apamseu, tinalowa a kuseri kwa msika, tinafika mpaka kwa munthu wina wowotcherera mawilibala. Paliponse yankho linali limodzi, kuti galimoto ya ku Joni sanaione. Foni ya a Jere inkangolira. Wakabaza uja, amene poyamba ankandiyankhula mwaulemu, anayamba kundiyang'ana ngati ndine wozungulira mutu. A Jere anayankha dzuwa litapendeka.

"Mwandiphonya pang'ono, bra. Chitsulo chake chimapezeka ku Salima. Ndili pa Salima panopa."

"Ndi galimoto yomwe?"

"Ndi zonse. Bwerani, mundipeza."

Pamenepo ndinakwiya, koma mkwiyo wa pamseu ulibe kokautula. Kubwerera kunali kutali, kupitirira kunali kutali. Ndinaimbira manijala kuti mawa sindioneka. Anandifunsa ngati kwagwa maliro. Nditati ayi, anafunsa ngati wina wagonekedwa m'chipatala. Nditati ayi, anati, "Ndiye n'chiyani, a Mbewe?" Ndinayesa kufotokoza za chipaipi choonera mwezi, ndipo ndikuyankhula ndinadzimva ndekha kuti ndikumveka ngati woledzera. Anadula foni ndisanamalize.

Ku Salima ndinagona pa resitihausi ina yotchipa, pomwe neti inali ndi zibowo zoti udzudzu unkalowa osapinda mapiko. M'mawa ndinaimbanso. Anayankha munthu wina wa mawu okhuthala, wa Chichewa cha Chitumbuka.

"A Jere kulibe, asiya foni pa tchaji. Ndimwe anjani?"

Ndinafotokoza, ndipo ndinafunsa kuti ali mbali iti ya Salima.

"Salima? Dada, galimoto iyi ku Lilongwe sinafikeko n'komwe. Tili pa Linthipe, njira ya ku Dedza. Ine ndine Tembo wa ku Mzimba, nili na firiji yane apa. Sabata yamala nikugona pansi pa ngolo."

Ndinakhala pansi pa khonde la sitolo ya munthu. Ndiye kuti dzulo lonse ndinkathamangitsa galimoto imene inali itakhazikika pa miyala, osasuntha ngakhale phazi limodzi. A Tembo anandifotokozera mmene a Jere amachitira. Aliyense woimba amamuuza dera loyandikira kwawo kuti mtima ukhale pansi. Wa ku Kasungu amamuuza kuti ali pa Mponela, wa ku Chintheche amamuuza Dwangwa. Sankayembekeza kuti wina anganyamukedi. Ine ndinali woyamba, ndipo sindinganene kuti ndinanyadira.

Ndalama yobwererera inali itayamba kale kudyedwa, choncho ndinaimbira NyaLongwe kuti anditumizire ina pa foni. Anatumiza, n'kuwonjezera kuti Ada afunsa kawiri ngati ndafika, ndipo atulutsa kale telesikopu pakhonde n'kuipukuta. Anatinso kutsidya kwa nyanja kwayamba kuchita mphezi. Sindikudziwa ngati ankandilimbikitsa kapena ankandikwapula.

Za msewu wa ku Lilongwe ndilibe nazo mawu, ndinagona njira yonse. Ndinadzuka tili mu depoti, anyamata oitanira atandigwira kale mikono, wina kukokera ku Mchinji, wina ku Blantyre, ngakhale ndinali ndisanatsegule pakamwa. Ndinakwera ya ku Dedza. Titangotuluka mu mzinda mphepo inasintha, ndipo pofika pa Linthipe ndinali ndikunjenjemera m'malaya anga a kunyanja. Ine mwana wa ku Ntchisi, wobadwira m'chisanu, zaka za ku Chintheche zinali zitandisandutsa mlendo.

Galimoto ija sinasowe. Inali pambali pa msewu, ngolo yake itakwera pa miyala, matayala awiri atagona pa udzu. Katundu anali atamusanja mpaka kutalika kuposa nyumba: mafiriji, matiresi, njinga, zitseko zachitsulo, mipando ya sofa miyendo ili m'mwamba, zonse zitakulungidwa ndi lona ndi zingwe. Pansi pa ngoloyo panali bambo wamtali atafunda bulangete, akuwotcha mbatata. Anali a Tembo.

"Mwaphonyana nawo," anatero. "Akwera ya ku Lilongwe kukasaka chitsulo."

"Abwera liti?"

"Akuti sono-sono, posachedwapa." Anandipatsa mbatata. "Khalani pasi, dada. Sono-sono wa a Jere ngutali."

Tinakhala. Magalimoto ankadutsa n'kumatiwaza fumbi. A Tembo anandiuza kuti firijiyo anagwirira ntchito zaka ziwiri m'munda wa maluwa wa mzungu, ndipo sangaisiye pamseu ngakhale kugwe matalala. Atandifunsa za katundu wanga, ndinati ndi chitsulo cha makina a apongozi. Anagwedeza mutu momvetsa, poganiza kuti ndi chigayo, ndipo ine sindinawakonze. Anthu a m'mudzi wapafupi ankabwera kudzaona ngoloyo monga amaonera mpira, ena n'kumafunsa ngati matiresi akugulitsidwa. Chakumadzulo kunayamba kuunjikana mitambo yakuda.

A Jere anatsika minibasi chakumasana, opanda chitsulo chilichonse m'manja. Ndinkayembekeza chimunthu choopsa, ndipo ndinali nditakonza mawu oti ndichilalatire. Amene anafika anali kamunthu kochepa thupi, kovala jekete lachikopa, maso ofiira ndi tulo, milomo yosweka. Anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Ndinu a ku Bandawe aja? Eishi, mwalimba mtima. Pepani, bra wanga, mukanandiuza kuti mukubweradi."

"Ndinakuuzani ndili pa Dwangwa."

"Ndimayesa mukungondiopseza."

Mawu anga onse aja anathera pomwepo. Ndinangoti andipatse katundu wanga ndizipita.

Apa ndiye panayambira ntchito. Wongani sanatumize fokasayo payokha. Anaiika m'thumba limodzi ndi zinthu zina za kumudzi, matumba aja amizeremizere okhala ndi zipi, n'kulembapo dzina. Matumbawo anali pansi penipeni, kunsi kwa mafiriji. Tinamasula zingwe tonse atatu, a Jere, a Tembo ndi ine, n'kumatsitsa katundu mmodzimmodzi. A Tembo sanalole kuti wina agwire firiji yawo kupatula iwo eni, koma kulemera kwake kunagwera ine. Titafika pa matumba tinapeza kuti olembedwa kuti Longwe, Chintheche, alipo anayi. Aliyense wodziwa kwathu kuno sangadabwe. Ukaima pamsika wa Chintheche n'kuitana kuti a Longwe, amatembenuka anthu okwana timu ya mpira.

Ndinaimbira Wongani kuti andiuze mtundu wa thumba lake. Foni inali yozima, poti amagwira ntchito yaulonda ndipo masana amagona. A Jere anati titsegule onse. Ine sindinaleredwe kupisa m'katundu wa eni, koma mitambo ija inali itafika pamutu. Thumba loyamba munali mabulangete ndi mapoto. Lachiwiri munali diresi laukwati ndi zovala zamkati za amayi, ndipo tonse atatu tinayang'ana kumbali a Jere akutseka zipi. Lachitatu ndinazindikira nsalu ya mtundu umene apongozi anga aakazi amakonda, ndi nsapato za jombo. Ndinapisa dzanja m'jombo imodzi n'kukhudza kabokosi.

Kanali kabokosi kokwana m'dzanja limodzi. Ndinakayang'ana, ndinayang'ana phiri la katundu amene tinatsitsa, ndinakumbukira Dwangwa, Nkhotakota, udzudzu wa ku Salima ndi mawu a manijala, ndipo ndinafuna kukaponya m'munda wa fodya. Koma nditatsegula, ukalipentala unandigwira. Chinali chitsulo chakuda, cholemera, chosalala, chokhala ndi zopotokola ziwiri zikuluzikulu ndi kena kakang'ono pamwamba pa chimodzi. Ukapotokola, kampopi kamkati kankatuluka mwakachetechete osagwedera ngakhale pang'ono. Amene anapanga chinthu chimenecho ankaidziwa ntchito yake.

"Ndicho ichi?" anafunsa a Tembo. "Chigayo chake n'chachingono uli?"

Thumba lonselo sindikanatha kulinyamula, ndinalisiyira a Jere kuti adzafike nalo tsiku limene Mulungu adzawakumbukire. Ndinathandiza kukweza katundu yense uja, poti sindikanawasiya a Tembo ndi firiji yawo pansi mvula ikubwera. Madontho oyamba anatipeza tikumanga chingwe chomaliza.

Pobwerera ndinagona kwa msuweni wanga ku Lilongwe, amene anandibwereka juzi ndi kundiseka kokwanira. M'mawa ndinakwera basi yaikulu ya kunyanja poganiza kuti imeneyo sigulitsa anthu panjira. Sinatigulitsedi. Inangophulika tayala titadutsa Salima, pamalo popanda nyumba kapena mtengo wamthunzi, ndipo tayala lapadera linapezeka kuti nalonso ndi lophwa. Kondakitala analikweza pa njinga ya munthu wodutsa n'kupita nalo kosadziwika. Tinakhala m'mbali mwa msewu. Kenako kunagwa mvula, yoyamba yeniyeni, ya fungo la dothi. Anthu ena anakondwa n'kumakamba zobzala. Ine ndinakulunga kabokosi kaja m'pepala la shuga, ndinakalowetsa m'juzi, ndipo ndinkangopempha kuti mvulayo ikhale ya kuno kokha, isafike kumpoto.

Pa rodibuloko ina wapolisi wamkazi anaona chotupa pamimba panga n'kundiuza kuti nditulutse. Anachitembenuza, anapotokola, n'kufunsa ngati ndi cha mjigo. Ndinati inde, ndi cha mjigo. Mphamvu zofotokozera za mwezi zinali zitandithera pa foni ya manijala.

Ndinafika ku Chintheche mdima utagwa, msewu uli wonyowa. NyaLongwe anandiuza kuti kwagwa mvula masiku awiri, ndipo manijala watumiza uthenga woti ndikafika tikambirane. Ndinadziwa tanthauzo la kukambiranako, koma ndinati poti ndanyowa kale, ndimalize. M'mawa ndinatenga bokosi langa la zipangizo n'kulunjika ku Bandawe m'malo mwa ku loji.

Ada anali pakhonde atavala tayi, monga amachitira tsiku lililonse. Ndinagwada chapatali, tinapatsana moni, ndipo ndinapereka kabokosiko kudzera kwa Ama, apongozi anga aakazi. Ada anakatsegula, anasisita chitsulocho ndi zala, anapotokola uku ndi uku.

"Yewu, zikomo a Mbewe. Mwayenda bwino?"

"Bwino ndithu, Ada."

Sindikudziwa chifukwa chake timayankha choncho.

Fokasa yatsopanoyo inali yonenepa kuposa yakale, choncho bowo la pa chipaipi linafunika kukulitsa. Ada anachotsa okha magalasi onse awiri, kuopa fumbi, n'kuwakulunga m'nsalu yoyera. Ine sanandilole kuwakhudza. Anakhala pampando n'kumandiuza muyeso, kuti pakati pa bowo pasasunthe ngakhale pang'ono, apo ayi kuwala kochokera pa kagalasi kopendekeka kaja kudzaphonya diso. Ndinajambula ndi pensulo, ndinaboola timabowo mozungulira, ndinadula, ndinapala ndi tupa. Tsinde la fokasayo linali lafulati pomwe chipaipi ndi chobulungira, ndiye ndinasema kathabwa ka mlombwa kolowa mbali imodzi kuti zigwirane. Kanakana kawiri, kachitatu kanakhala. Ndinamanga mabawuti anayi. Ada anabwezeretsa magalasi, n'kutenga nthawi yaitali akuwawongola ndi tizomangira ta kumbuyo, akung'ung'udza m'Chitonga. Nthawi yonseyi kumwamba kunali kotseka, ndipo ine ndinkagwira ntchito ndi mtima wa munthu wokhoma denga la nyumba yoti igwetsedwa.

Koma chakumasana mphepo inawomba kuchokera kunyanja, mitambo inang'ambika, ndipo mwezi unaoneka pamwamba pa mtengo wa mango, theka lokha, wotuwa. Ada anati ngakhale masana umaoneka, sitidikira usiku poti mitambo sitiidalira. Tinanyamula telesikopu kuiika pabwalo. Analowetsa kagalasi koyang'anira mu fokasa, analozetsa chipaipi, anawerama.

Ndinaima chapatali, manja kumbuyo. Ama anasiya kusenda chinangwa.

Ada anapotokola kupita mkati. Anabwerera kunja. Anagwira kakang'ono kaja, n'kumakayendetsa pang'onopang'ono. Anavula magalasi awo amaso n'kuyang'ananso. Anawavalanso. Anasintha diso. Anapotokola mpaka kampopi kanafika pothera, n'kubwerera mpaka pothera penanso. Kenako anaweramuka, nkhope itauma.

"A Mbewe, mwaboola pokhota."

Masiku onse aja pamseu, ntchito yanga ili pa ulusi, ndiye mawu oyamba akhale amenewa.

"Ndinayeza monga munanenera, Ada."

"Nanga mwezi wapita kuti? Ndikungoona utsi, chimodzimodzi kale. Bwerani muone nokha ntchito yanu."

Zaka zonse zimene ndakhala pabanja limeneli ndinali ndisanayang'anemo. Telesikopuyo imakhala kuchipinda kwawo, kumene mkamwini sapondako, ndipo munthu supempha kuika nkhope yako pamene apongozi amaika yawo. Ana awo anayang'anamo ali aang'ono, koma chigwetsereni mwana wasukulu wina kagalasi koyang'anira, Ada analetsa aliyense kuigwira. Ankati fokasa yafa, ndipo tonse tinkangovomera, kuyambira Ama mpaka Wongani ku Joni.

Ndinawerama. Poyamba ndinaona chimbuuzi choyera. Ndinagwira chopotokola chija, ndinachisuntha pang'ono chabe, ndipo mwezi unangoti mbee. Ndinaona maenje, ena aakulu ena ang'onoang'ono, ena olowana, lililonse ndi mthunzi wake. Ndinaona mapiri, ndi madambo osalala otuwa. M'mphepete mwake munali mwakuthwa ngati thabwa longopala kumene. Unkayenda pang'onopang'ono kuthawira kumbali, ndipo ndinakankha chipaipi kuulondola osadziwa kuti ndikutero. Ndinaiwala Linthipe, ndinaiwala manijala, ndinaiwala kuti apongozi aima pambali panga.

Kenako ndinakumbukira chimene anandiitanira, ndipo mtima unandigwa. Bowo linali pamalo pake. Fokasa inalibe vuto, ndipo mwina yakale ija, imene tsopano inali gone pamphasa ndi kansalu kake, inalibenso vuto. Pakanapezeka mmodzi mwa ife woyang'anamo miyezi yapitayo, tikanadziwa. Ndinakwiya kuposa mmene ndinakwiyira panjira ponse, koma sindinkadziwa womukwiyira. Ndinaweramuka pang'onopang'ono, maso ali pansi.

"Mwaona?" anafunsa Ada.

"Ndaona, Ada. Ndakhotetsadi. Ndibwera Loweruka ndidzakonze."

Ama anali atagwira mpeni m'mwamba, akuyang'ana ine, osati amuna awo.

"Munthu sakhalitsa choncho pa utsi, a Mbewe," anatero Ada motsitsa mawu.

Anakweza dzanja lawo patsogolo pa nkhope, anatsinzina diso limodzi, kenako linalo. Anayang'ana ku mtengo wa mango, anayang'ana kwa Ama. Anabwerera chafutambuyo mpaka anakhudza mpando ndi mwendo, n'kukhala.

"Yang'ananinso, mitambo ikubwera," anatero. "Tsatani pamene mwezi wadukirapo. Chapakati pali dzenje lalikulu lokhala ndi kaphiri mkati mwake. Lilipo?"

Ndinawerama, ndinalifunafuna, ndinalipeza. Kaphiriko kanali ndi mthunzi wake wautali.

"Lilipo, Ada."

"Basi," anatero.

Anavula magalasi awo, anawapinda bwinobwino, n'kuwaika m'thumba la malaya.